Zomwe ndinaona ku Dziwe la Nkhalamba Loweruka: kodi phiri la Mulanje n'la yani?

MayiWaAtatu
Abale anga, ndabwera ndi dandaulo komanso funso. Loweruka lapitali ine ndi bambo a kunyumba tinatenga ana kupita ku Likhubula kuti akaone Dziwe la Nkhalamba. Ine ndinapitako komaliza ndili Fomu 2 paulendo wa sukulu, ndipo zimene zinatsala m'mutu mwanga ndi madzi oyera mbee, oti ukaponya mwala umauona mpaka pansi, ndi mkokomo wa mathithi basi. Ndinkafuna ana anga akaone zomwezo.

Tinayenda pafupifupi ola lathunthu kuchokera pageti, wamng'ono ali kumsana. Pofika tinapeza magulu atatu, lililonse ndi sipika yake. Mabotolo a mowa mbwee pamiyala, majumbo, timbale ta chipisi, mpaka thewera la mwana litakanikizidwa pamng'alu wa thanthwe. Mtsikana wanga wa zaka 9 atangovula nsapato kuti aviike mapazi anaponda botolo losweka. Ndinam'manga ndi mpango wanga wa kumutu, bambo ake n'kumubereka mpaka kumunsi. Anam'soka kuchipatala madzulo omwewo.

Ndiye ndikufunsa: malo amenewa n'ngayani, ndipo woyenera kuwasamala ndani? Funso lachiwiri, mnyamata wanga wamkulu wa zaka 14 sakugona, akuti akufuna akagone pamwamba pa phiri holide ikubwerayi. Kodi banja ngati lathu lingakwanitse, kapena zimenezi n'za alendo akunja okha?

Kabaza265
Pepani kwambiri mayi, mwana apeze bwino. Koma ndi mmene tilili Amalawife. Paliponse pamene tasangalala timasiyapo dzala.

NaMulanje
@Kabaza265 ayi achimwene, musatiphatikize tonse. Ife obadwira kuno takhala tikusamba mu Likhubula kuyambira tili ana, botolo sitinaswepo. Zimenezi zabwera ndi maulendo a makosita a Loweruka ochokera m'tauni.

Kabaza265
A m'tauniwo si Amalawi?

NaMulanje
Ndi Amalawi, koma nenani kuti ndi iwowo.

Mnyamata_wa_Chirimba
Ine ndinalipo tsiku lina ndi anzanga ndipo sipika tinatenga, sindibisa. Zinyalala zathu tinatola. Koma za nyimbozo ndiye sindikuonapo cholakwika. Pageti tinalipira ngati wina aliyense. Sabata yonse munthu wakhala ukuthamanga ndi ntchito, Loweruka ukapite kukakhala chete ngati pamaliro? Kwa zaka zambiri ankakwera phirili ndi azungu okha, lero achinyamata tayamba kupitako mwayambanso kutidandaula.

MayiWaAtatu
@Mnyamata_wa_Chirimba mwana wanga, kuti mukupitako ine ndikusangalala, ndipo zikomo potola zinyalala. Koma nyimbo mungamvere ku Chirimba komweko tsiku lina lililonse. Mathithi aja mungawamverenso kuti? Ana anga anabwerako osawamva.

Gaidi_wa_Likhubula
Mayi, ndayamba ndi kupepesa m'malo mwa tonse ogwira ntchito m'phirimu. Ndakhala ndikuperekeza alendo zaka zoposa khumi, ndinayamba ngati wonyamula katundu. Lolemba m'mawa nthawi zambiri ndife amene timapita ndi matumba kukatola zomwe zatsala Loweruka ndi Lamulungu. Magalasi osweka ndiwo amavuta chifukwa amagwera pakati pa miyala m'madzi, sawoneka.

Funso lanu loyamba: phiri lonseli ndi nkhalango yotetezedwa ya boma, ili m'manja mwa dipatimenti ya zankhalango. Si la kampani, si la esiteti ya tiyi, si la alendo. Ndi lanu ndi ine. Mmalawi aliyense ali ndi ufulu wokwera.

Lachiwiri: mungakwanitse bwinobwino. Kwa oyamba ndimalangiza Chambe, dera lina la pamwamba pa phirili. Mukanyamuka pa Likhubula m'mawa kudzera njira ya Skyline, ndi maola atatu kapena anayi, kutengera miyendo yanu. Njirayi ndi yachitunda kwambiri koma ndi yodziwika. Dzina lakuti Skyline linabwera chifukwa cha chingwe chachitsulo chimene kale ankatsitsira matabwa kuchokera ku Chambe. Pobwera mutha kutsika njira ya Chapaluka, imene imatsata mtsinje n'kudzatulukira cha ku Dziwe la Nkhalamba komweko.

Pamwamba pali nyumba zogona zingapo: Chambe, Lichenya, Chisepo, Thuchila, Chinzama, Sombani, Madzeka, Minunu, kuphatikizapo ya mpingo wa CCAP ku Lichenya. Iliyonse ili ndi mlonda amene amakupezerani nkhuni ndi madzi. Chakudya ndi zofunda mumatenga nokha. Ufa, usipa kapena soya, tomato, mchere, shuga, masamba a tiyi, machesi, tochi, zakwana. Osadandaula za zakudya za m'zitini, nsima yophika pamoto wa ku Chambe simudzaiiwala. Chofunika kwambiri ndi bulangete lochindikala ndi jekete, chifukwa mu June ndi July usiku kumazizira moti udzu umayera ndi chisanu.

Ndalama zake ndi ya pageti, ya nyumba pa usiku uliwonse, ndi ya gaidi. Wonyamula katundu mumatenga ngati mukufuna. Mukalembetse ku ofesi ya pa Likhubula musanakwere kuti adziwe kuti muli m'phiri.

Mnyamata_wa_Chirimba
Gaidi n'ngwachiyani kwa ife eni dziko? Pafoni pali mapu.

Gaidi_wa_Likhubula
Achimwene, mapu a pafoni sadziwa chiperoni. Kumatha kucha bwinobwino dzuwa lili phwee, pofika 11 koloko nkhungu yatsika moti mnzako ali mapazi asanu kutsogolo sukumuona. Pamiyala palibe mapazi a anthu oti uwatsate, ndipo netiweki imapezeka mwa apo ndi apo. Mu 2003 mtsikana wa ku Netherlands anakwera yekha kulowera ku Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phirili, sanapezeke mpaka lero. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anapitiriza yekha osafuna gaidi, anakamupeza patadutsa masabata atamwalira. Phiri silifunsa chiphaso.

Anganga_aChonde
Ana inu mumati nyengo, ife makolo anatiuza kuti phiri lili ndi eni ake. Dzina lokha lakuti Sapitwa likukuuzani. Agogo anga ankati ukapeza chakudya m'phiri, nthochi zakupsa kapena nsima yotentha, idya wekha mwakachetechete, usaitane mnzako, usatengeko kupita nacho kumudzi. Polowa m'malo ena ankayamba apepesa. Pa dziwe limene mukunenalo sipanali poseweretsa, anthu ankathirapo nsembe popempha mvula. Lero mukuswerapo mabotolo.

Mtumiki_Wamng'ono
Anganga, ndi ulemu wonse, ife okhulupirira sitiopa mizimu. Phiri analenga ndi Mulungu. Magulu athu amakwera kukapemphera usiku wonse ndipo amabwerako bwinobwino.

NaMulanje
@Mtumiki_Wamng'ono amabwerako bwino, inde, koma nawonso ena amasiya mabotolo a madzi, makandulo ndi mapepala pomwe agonapo, ena mpaka kulemba mavesi ndi penti pamiyala. Ngati analenga ndi Mulungu ndiye muyambe ndinu kulisamala.

Mtumiki_Wamng'ono
Pamenepo mwanena zoona achemwali. Ndikalankhula nawo a gulu lathu.

Mphunzitsi_Wopuma
Ndiloleni ndiikepo mawu, poti ndinaphunzitsa jogalafe zaka zambiri ndipo ndakwera phirili ndi ana asukulu kangapo.

Zimene akunena anganga musazitaye. Mu July 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse, ndipo chifukwa chachikulu chinali chikhalidwe chomwechi, ulemu umene Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe akhala akupereka kwa phirili ngati malo a mizimu ya makolo. Lisanalowe ilo tinali ndi malo awiri okha, paki ya Nyanja ya Malawi ku Cape Maclear kuyambira 1984, ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni kuyambira 2006. Kaya munthu amakhulupirira mizimu kaya ayi, mantha amenewo ndi amene anasunga nkhalango zina zaka mazana boma lisanabwere ndi malamulo ake mu 1927.

Koma chimene chimandiwawa ine si mabotolo. Mabotolo titha kutola. Ndi mkungudza. Mtengo umenewu mwachilengedwe umamera pa Mulanje pokha padziko lonse lapansi, ndipo mu 1984 unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko lathu. Chiswe sichiudya, suwola msanga, ndipo fungo lake aliyense amene anatsegulapo kabokosi kaja amagulitsa m'misewu akulidziwa. Ubwino wakewo ndi umene unaupha. Ulendo wanga woyamba m'ma 1980 tinkadutsa pansi pa mitengo italiitali yolendewera ndere zotuwa ngati ndevu, mphepo ikawomba nkhalango yonse kununkhira. Ulendo wanga womaliza ndinapeza zitsa ndi utuchi, ndipo tinkapatukira anyamata otsika ndi matabwa pamutu, opanda nsapato. Kafukufuku wa 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Pali ntchito yobzala mbande imene a Mulanje Mountain Conservation Trust akhala akuchita pamodzi ndi midzi yozungulira, koma mkungudza umakula pang'onopang'ono, ndipo moto wa chilimwe ukadutsa kamodzi ntchito ya zaka zisanu yathera pomwepo.

Mayi, mwana wanuyo mupite naye. Akaone mbande zimenezo ndi maso ake.

Wa_ku_Phalombe
Aphunzitsi mwalankhula bwino, koma anyamata opanda nsapato amene munawapatukirawo ndi abale athu. Ndiloleni ndiwayankhulire. Munthu sasenza thabwa lolemera kuchokera pamwamba paja chifukwa chokonda. Kuno minda ndi timagawo ting'onoting'ono, mbali ina malo abwino onse ndi tiyi. Feteleza sagulika. Ndiye wina akabwera ndi ndalama m'manja kuti ndipezere matabwa khumi, akane adye chiyani? Amene amagwidwa ndi wosenzayo. Mwini lole amene amadikira kumunsi usiku, ndi bwana amene denga la nyumba yake m'tauni ndi la mkungudza, simudzamva kuti agwidwa.

Makalanso chimodzimodzi. Inu a ku Blantyre mukabwera Loweruka mumadandaula kuti phiri lameteka, Lolemba mukugula thumba la makala. Mukuganiza kuti amachokera kuti?

Kabaza265
Magetsi akamazima tsiku lonse tiphikire chiyani? Gasi mtengo wake mukuudziwa.

Wa_ku_Phalombe
Ndiye n'zomwe ndikunenazo. Inu muli ndi chifukwa chanu, wootchayo ali ndi chake. Musamuone ngati chigawenga inu muli oyera.

Mphunzitsi_Wopuma
@Wa_ku_Phalombe sindikutsutsani ngakhale pang'ono. Komatu amene amayamba kulira phiri likameteka ndi inu nomwe a m'mphepete. Inu mukudziwa bwino kuposa ine zimene zinachitika mu March 1991 pamene napolo anatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola anthu mazanamazana pa Phalombe. Za namondwe wa Freddy mu March 2023 sindinena n'komwe.

Wa_ku_Phalombe
Za Freddy ndinaziona ndi maso, tinakumba matope ndi makasu kufunafuna anthu. Koma mvula ya masiku aja inagumula ngakhale malo amene mitengo inalipo. Musaike zonse pamutu pa wootcha makala.

Mphunzitsi_Wopuma
Zoona, mvula ija inali yoposa muyeso. Ndikungoti pamene pali mizu dothi limagwirako, ndipo madzi satsika onse nthawi imodzi.

MuCapeTown
Moni nonse kumudzi. Ine kuno ndimagwira ntchito ya m'munda, ndipo Lamulungu ndikapuma ndimakwera Lion's Head kapena Table Mountain kudzera Platteklip Gorge. Njira zimenezi sulipira kanthu, ndipo anthu amakwera mazanamazana tsiku limodzi, koma pepala pansi ndi losowa. Si kuti anthu a kuno ndi angelo, ayi, akuba aliponso m'njira zina moti sitiyenda tokhatokha. Kusiyana kwake n'kwakuti ukataya botolo, munthu amene ali pambuyo pako amakuuza pompo kuti tola. Ndinachita manyazi tsiku lina bwana wanga atandifunsa za Sapitwa, iye anakwerako, ine wobadwira ku Thyolo ndinkangoliona phirilo tsiku lililonse popita kusukulu osalipondako. Ndikabwera December ndikwera.

Gaidi_wa_Likhubula
@MuCapeTown bwerani achimwene, koma December ndi dzinja. Miyala imaterera, mitsinje imadzaza mwadzidzidzi, ndipo Sapitwa nthawi imeneyo sitilimbikitsa. Nyengo yabwino ndi kuyambira May mpaka October. Sapitwa ndi mamita 3,002, palibe nsonga ina yoposa pamenepo m'Malawi muno. Timagona ku Chisepo n'kunyamuka mbandakucha, malo ena mumakwawa ndi manja, ena mumadutsa pansi pa miyala. Ngati tchuthi chanu ndi December basi, tikafike ku Chambe kapena ku Lichenya m'mawa mvula isanayambe.

MwanaWaZomba
Bwanji osangobwera ku Zomba? Kuno galimoto imafika pamwamba penipeni. Mukaona damu la Mulunguzi, mathithi a Williams, Chingwe's Hole, ndi Emperor's View pamene anaimapo Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, mu 1965. Kukakhala kowala mumaona nyanja ya Chilwa ndi Mulanje yemweyo chapatali. Ana ang'onoang'ono savutika.

NaMulanje
Phiri lokwera pagalimoto ndi phiri?

MwanaWaZomba
Mukafuna kuyenda pansi pali njira ya Potato Path yoyambira m'tauni, mukafika pamwamba mudzandiuza. Ndiponso masitiroberi ndi mabulosi amene amagulitsa m'njira ya ku Ku Chawe kwanuko kulibe.

NaMulanje
Ife tili ndi nanazi. Wa ku Mulanje ukasenda fungo limafika kwa aneba.

Kabaza265
Nanazi yemweyo wakwera mtengo masiku ano. Kale pa Chitakale unkagula mulu wonse ndi chenji cha minibasi.

MwanaWaZomba
Koma kunena zoona nakonso kuno zinthu sizili bwino. Mapaini ambiri anadulidwa, malo ena angotsala zitsa, ndipo chaka chilichonse September ndi October phiri limayaka usiku ngati mzinda. Madzi onse a mu Zomba amachokera mu damu la Mulunguzi lija.

Woyang'anira_Gulu
Abale, za nanazi ndi masitiroberi zikhale pambali kaye. Mayi anafunsa za woyenera kusamala malowa. Tibwerere pamenepo.

Namwino_Usiku
Ine ndiyankhe ngati munthu amene amasoka mabala otere. Bala la galasi la m'madzi si laling'ono, limatha kudula mtsempha wa kuphazi, ndipo kuchokera padziwe paja kufika pamsewu ndi mtunda. Mayi, muonetsetse kuti katemera wa kafumbata analandira, ndipo balalo lisanyowe mpaka atachotsa ulusi.

Maganizo anga ndi akuti mabotolo agalasi asamaloledwe kudutsa pageti. Amene akufuna chakumwa athire m'chigubu. Ndipo aliyense wolowa azionetsa thumba la zinyalala potuluka. Sizifuna ndalama za madona zimenezi, zimangofuna munthu pageti ndi lamulo lolembedwa pachikwangwani m'Chichewa.

Mnyamata_wa_Chirimba
Za magalasizo ndavomera. Koma mabini aikidwenso. Munthu ungayende ndi zinyalala ola lonse?

Gaidi_wa_Likhubula
Munakwera nazo zodzaza ola lonse, kutsika nazo zopanda kanthu kungavute? Bini m'phiri ndi vuto lina, achimwene. Anyani amafwanyula zonse n'kumwaza, ndipo palibe galimoto imene ingafike kukatenga. Wina ayenerabe kusenza pamutu. Chimene mwakwera nacho mutsike nacho. Ife tikamaperekeza alendo timanyamula jumbo imodzi ya zinyalala, zotha kupsa timatentha kunyumba yogona, zitini ndi mabotolo timatsika nazo.

Ndiwonjezere ichi, poti ambiri sadziwa: madzi a mu Likhubula ndi omwe amayenda m'mapaipi kupita ku Nguludi n'kukafika m'mipopi ya mbali ina ya Blantyre. Midzi ya kumunsi imamwanso omwewo. Ruo, Thuchila, Lichenya, Muloza, yonseyi imayambira pamwamba pomwepa.

Wa_ku_Phalombe
Ndipo n'chifukwa chake nkhani yokumba miyala ya bauxite, yopangira aluminiyamu, ku Lichenya ikamabwera anthu kuno amakana. Pamenepo ndiye ine ndi aphunzitsi tili mbali imodzi. Koma ndibwereze mawu anga: ngati mukufuna mnyamata wa kuno asiye sowo, phirili limupatse chochita china. Mukabwera tengani gaidi, tengani wonyamula katundu, mulipire mtengo wake osanenerera ngati mukugula kaunjika. Gulani nthochi ndi mbatata kwa amayi a pageti m'malo mobwera ndi zonse kuchokera kusitolo za m'tauni. Ndiponso musaiwale mbali yathu ino, mutha kukwerera ku Fort Lister kupita ku Sombani, kulibe phokoso ngati ku Likhubula.

Gaidi_wa_Likhubula
Zoona. Ambiri mwa ife tikanapanda ntchito imeneyi bwenzi tili ocheka matabwa. Ineyo bambo anga anali wocheka. Ndipo alendo akunja amabwera miyezi yochepa chabe pachaka. Amalawi mukamabwera ambiri, ife timagwira ntchito chaka chonse.

Mphunzitsi_Wopuma
Mayi, ngati holide yake ndi ya July, mufunsenso tsiku la mpikisano wothamanga m'phiri wa Porters Race. Amayambira pa Likhubula, kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsikanso, ndipo opambana amamaliza m'maola awiri ndi mphindi zowerengeka, mtunda umene ife timayenda masiku awiri. Atsikana amathamanga nawo. Ana anu akaona zimenezo adzadziwa kuti phirili si la alendo.

Anganga_aChonde
Mupite naye mwanayo. Koma mumuuze asakaloze nsonga ndi chala mwachipongwe, asakatukwane, ndipo gaidi akati tibwerere, abwerere.

Gaidi_wa_Likhubula
Lomalizalo anganga ndi lamulo lathunso.

MayiWaAtatu
Zikomo nonse, sindimayembekeza mayankho ochuluka chonchi. @Namwino_Usiku katemera anam'baya tsiku lomwelo, ulusi akachotsa Lachiwiri. Takambirana ndi bambo ake, tapangana kuti mu August iwo ndi mnyamatayo ndi ine tikagone ku Chambe usiku umodzi, ang'onoang'ono atsale kwa agogo awo. Potsika tidzadzera Chapaluka ndipo tidzatenga matumba awiri opanda kanthu ndi magolovesi kuti tikatole magalasi padziwe paja. Amene angafune kutipeza kumeneko anene.

Mnyamata_wa_Chirimba
Ine ndi anzanga awiri tibwera, sipika tisiya. Mutiuze tsiku.

NaMulanje
Inenso ndilipo, ndibwera ndi ana a kwaya yathu. Matumba a feteleza akale ndili nawo ambiri, musagule.

MayiWaAtatu
@Gaidi_wa_Likhubula funso lomaliza bambo. Mnyamatayu alibe nsapato zokwerera phiri, ali ndi zamasewera zimene amavala kusukulu. Zikwana?

Gaidi_wa_Likhubula
Zikwana mayi, bola pansi pake pasakhale poti panatha n'kusalala. Asavale zatsopano, zimatupitsa matuza. Masokosi atenge awiri, ena ouma ogonera. Mugone ku Mulanje Lachisanu kuti pofika 7 koloko m'mawa mukhale muli pageti, chifukwa Skyline dzuwa likakwera imawotcha kumsana ndipo mthunzi ndi wochepa. Madzi aliyense botolo limodzi lalikulu, ena mukatunga pamwamba.